Nkhawa, Matumbo ndi Ubongo: Zitatu Zodalirana

Mayeso akayandikira kuno ku Lakeview, madandaulo a m'mimba amachuluka. Wina m'mimba mukuwotcha, wina akutsegula, wina chakudya sichikulowa. Ambirife timafulumira kunena kuti ndi zilonda za m'mimba. Ena amati ndi maganizo chabe, ndipo ena mumpingo amati chikhulupiriro chachepa. Sayansi ikutionetsa kuti pali zinthu zitatu zodalirana ngati mafuwa: tizilombo ta m'matumbo, nkhawa ndi ubongo. Chimodzi chikasuntha, mphika wonse umapendekeka.

Tizilombo tothandiza

Tinakula tikumva kuti tizilombo tonse ndi adani. Koma m'thupi la munthu wamkulu muli mabakiteriya pafupifupi 38 thiriliyoni, ndipo ochuluka amakhala m'matumbo aakulu. Ambiri ndi otithandiza: amagaya zakudya zokhakhala zimene thupi palokha silingagaye, amapanga mavitamini ena, amaphunzitsa chitetezo cha m'thupi, ndiponso amatsekereza tizilombo toyambitsa matenda.

Umboni wina wamphamvu unachokera kwathu konkuno. Mu 2013, magazini ya Science inafalitsa kafukufuku wa gulu la Jeffrey Gordon ndi Mark Manary pa mapasa a m'mabanja 317 a ku Malawi. M'mabanja ambiri mwana mmodzi ankadwala matenda osowa zakudya m'thupi, monga kutupikana, pamene mnzake anali bwino, chonsecho akudyera mbale imodzi. Ofufuza atatenga tizilombo ta m'matumbo a mwana wotupikana n'kutiika mu mbewa zodyetsedwa chakudya chofanana ndi cha kumudzi, mbewazo zinawonda kwambiri. Choncho thanzi silidalira zimene tadya zokha, komanso tizilombo timene tikulandira chakudyacho.

Uthenga wopita ndi wobwera

Nanga ubongo ukulowapo bwanji? M'zipupa za matumbo muli maselo a mitsempha oposa 100 miliyoni, ndipo mtsempha waukulu wotchedwa vagus umalumikiza matumbo ndi ubongo. Uthenga wambiri mumtsemphawu umachokera kumimba kupita kumutu. Komanso pafupifupi 90 peresenti ya serotonin yense wa m'thupi amapangidwa m'matumbo, mmene amathandiza kuti matumbo aziyenda bwino.

Tikada nkhawa ndi fizi, mayeso kapena matenda a kumudzi, ubongo umalamula thupi kutulutsa mahomoni monga cortisol ndi adrenaline. Magazi amathamangira kuminofu, kugaya chakudya kumasokonekera, ndipo matumbo amafulumira kapena kuima. Nkhawa ikakhalitsa, mitundu ya tizilombo tothandiza imasintha. Uthenga umabwereranso: mu 2004, Nobuyuki Sudo ndi anzake ku Japan anapeza kuti mbewa zoleredwa popanda tizilombo m'matumbo zinkatulutsa mahomoni a nkhawa ochuluka zikapanikizika, koma zitapatsidwa mtundu wina wa mabakiteriya abwino, vutoli linachepa. Kafukufuku wambiri wotere wachitika pa mbewa, choncho tisamanamizidwe ndi ogulitsa mankhwala amene amati botolo limodzi lithetsa nkhawa zonse.

Si zonse ndi maganizo

Kwa zaka zambiri madokotala ankakhulupirira kuti zilonda za m'mimba zimayamba ndi nkhawa basi. Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anaonetsa kuti zambiri zimayamba ndi kachilombo ka Helicobacter pylori. Mu 1984 Marshall anachita kumwa dala tizilomboti n'kudwala, ndipo mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi aspirin, amene timakonda kumeza pamimba yopanda kanthu, amayambitsanso zilonda. Nkhawa imakulitsa ululu, koma kachilomboka kamafuna mankhwala a kuchipatala. Amene akusanza magazi, kuchita chimbudzi chakuda bii, kapena kuwonda popanda chifukwa, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Tichitenji?

Choyamba, tidyetse bwino tizilombo tothandiza. Timakonda nyemba, nandolo, mtedza, nkhwani, bonongwe, kabichi, zipatso ndi nsima ya mgaiwa. Boma lathu la Ntcheu ndi lodala pa zimenezi. Aliyense wodutsa pa Lizulu kapena pa Tsangano Turn-off amadzionera yekha. Chambiko nachonso chili ndi mabakiteriya abwino.

Chachiwiri, tileke kugula amoxicillin kapena bactrim pagolosale m'mimba mukangotembenuka. Mankhwalawa sasankha: amapha tizilombo toipa ndi tabwino tomwe.

Chachitatu, tichepetse nkhawa yeniyeniyo. Kugona mokwanira, kuyenda pansi, kumwa madzi abwino ndi kupumula pa Sabata si zinthu zoti tiziyamba mayeso akatha. Miyambo 17:22 imagwirizanitsa chimwemwe cha mumtima ndi thanzi la thupi, ndipo Ellen G. White analemba zambiri za mgwirizano wa maganizo ndi thupi m'buku la The Ministry of Healing la mu 1905. Mtolo ukalemera, tiuze mnzathu, abusa kapena mlangizi. Mutu umodzi susenza denga.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tidzakumana ndi ana ogwira pamimba tsiku la mayeso. Tisadzawanene kuti ndi abodza kapena aulesi. Tidzafunse zimene adya, mmene agonera ndi chimene chikuwaopsa, ndipo kumene kukufunika chipatala tidzawatumize. Mumpingo momwemonso: m'bale wodwala m'mimba chifukwa cha nkhawa timupempherere, timumvetsere, ndipo timuperekeze kukapimitsa.