Wayilesi yooneka ngati sefuliya

Funso: Posesa m'nyumba ya malemu agogo kuno ku Nkhotakota, m'mbali mwa nyanja, ndapeza wayilesi yabuluu, yozungulira ngati sefuliya. Yathimbirira ndipo siyankhula. Kodi ndingoitaya?

Yankho: Chonde musataye, mwatola chuma! Mmene mwafotokozeramu, imeneyo ndi Saucepan Special, imene kampani ya Ever Ready ya ku Britain inatulutsa mu 1949 pa mtengo wa mapaundi 5. Inkayendera batire lalikulu lapadera, ndipo anthu ankaizungulira madzulo kumvera nyimbo ndi nkhani za m'Chinyanja zochokera ku Lusaka. Mdani wake ndi chinyezi cha kunyanjako. Ipukuteni ndi kansalu kouma, musaitsuke ndi madzi, ndipo muisunge pamwamba, pouma. Adzukulu anu adzaone pomwe agogo ankamvera za dziko.