Kuphunzitsa za Banja la Chimwenye mu Sitandade 5

Tsiku lina ndinakayendera mphunzitsi wophunzira pa sukulu ina kufupi ndi Bembeke. Iye anafunsa ana kuti, "Kodi mudziwa chiyani za Amwenye?" Mnyamata wina anaimirira nayamba kutsanzira Chichewa cha mwenye wam'sitolo. Kalasi yonse inafa ndi phwete, ndipo mphunzitsi naye anaseka. Anawo anaweruka akudziwa za sitolo yokha, osadziwa kuti kuseri kwake kuli banja, agogo ndi miyambo. Cholinga cha phunziro ili ndi kuthandiza ana kuona banjalo mwaulemu.

Zofunika kuti mphunzitsi adziwe

M'chaka cha 1891 Harry Johnston anabweretsa kuno asilikali a Chisikhi ochokera ku India. Amalonda ambiri anachokera m'chigawo cha Gujarat, namanga masitolo ku Limbe ndi m'maboma ngati la Dedza. M'zaka za m'ma 1970 boma linawalamula kuti asiye malonda akumidzi ndi kusamukira m'mizinda ikuluikulu. Ambiri amene tiwaona lero anabadwira m'Malawi momwe muno.

Amwenye sali a chipembedzo chimodzi. Ena ndi Asilamu, ena ndi Ahindu. M'banja la Chihindu mayi amalawirira kusamba, kenaka amayatsa kanyali pamalo opempherera m'nyumba momwemo. Ahindu ambiri a ku Gujarat sadya nyama, ndipo ng'ombe amailemekeza. Chikondwerero chawo cha Diwali, pamene amayatsa nyali zambiri, chimachitika mu Okutobala kapena Novembala. M'banja la Chisilamu amapemphera kasanu pa tsiku, amuna amapita ku mzikiti Lachisanu, ndipo amasala kudya masana m'mwezi wa Ramadan.

Pa mwambo wawo, mwana wamwamuna akakwatira amabwera ndi mkazi wake kunyumba ya atate ake. Motero agogo, ana ndi adzukulu amadya za mumphika umodzi, ngakhale kuti masiku ano mabanja ena amakhala paokha. Chakudya chawo ndi chapati, mpunga, mphodza ndi ndiwo zamasamba zothira tsabola. Amasamba m'manja ndi kudya ndi dzanja lamanja. Nsapato amavulira pakhomo.

Kaphunzitsidwe kake

Yambani ndi zimene ana adziwa kale. Afunseni kuti kwawo amayamba kudzuka ndani, ndipo mwana amapereka moni bwanji kwa agogo. Lembani mayankho mbali imodzi ya bolodi, ndi za banja la Chimwenye mbali inayo. Ana adzaona okha kuti mwana wa Chichewa amagwada, pamene wa Chihindu amawerama ndi kukhudza mapazi a wamkulu. Onsewo akupereka ulemu.

Ife a ku Dedza tili ndi mwayi pa phunziro ili, pakuti m'kalasi imodzi mumakhala Achewa, Angoni ndi Ayao. Mwana wa Chichewa afotokoze za chikamwini ndi chitengwa, ndipo anzake anene kuti ndi uti mwa miyambo iwiriyi umene ufanana ndi wa Amwenye. Mwana wa Chisilamu afotokoze m'mene amasalira kwawo pa Ramadan, popeza kusala kwake n'komweko. Ngati mungathe, bwerani ndi samusa kapena chapati. Ana ambiri amadya zimenezi osadziwa kumene zinachokera.

Chenjezo

Mwana wina adzanena kuti mbale wake anagwira ntchito kwa mwenye ndipo malipiro anali ochepa. Musamukalipire, pakuti madandaulo otere alipodi. Mumvereni, kenaka mufunseni ngati kulakwa kwa bwana mmodzi kuli kulakwa kwa mtundu wonse. Koma wotsanzira kalankhulidwe ka ena mletseni nthawi yomweyo, ndipo inu musaseke. Ana amayang'ana nkhope ya mphunzitsi asanamve mawu ake. Pamene inu simudziwa yankho, vomerani, ndipo mukafunse. Akulu anati safunsa anadya phula.

Ntchito ya aphunzitsi ophunzira

1. Konzani phunziro la mphindi 35 pa mutu umenewu.
2. Lembani mafunso asanu amene mungafunse mayi wa Chimwenye popanda kumuchititsa manyazi.
3. Mukadakhala inu m'kalasi ya ku Bembeke ija, mukadamuyankha chiyani mnyamata uja?