ZA UMOYO WATHU: Odwala Shuga, Yezetsani Mkodzo Kuti Muteteze Impso

Ambiri a ife tili ndi wachibale amene akudwala matenda a shuga. Timadziwa za kuyezetsa magazi pachala, koma za kuyezetsa mkodzo sitimva kawirikawiri. Phunziro la sabata ino likukamba za zimenezi.

Ntchito ya impso

Impso iliyonse ili ndi tisefa tating'onoting'ono pafupifupi 1 miliyoni. Tisefati timachotsa zoipa m'magazi n'kuzitulutsira mumkodzo, koma zofunika m'thupi timazisiya. Shuga akakhala wokwera kwa zaka zambiri, makamaka ngati BP nayonso ndi yokwera, tisefati timabooka ngati sefa yakale ya ufa. Choyamba kudontha ndi puloteni yotchedwa albumin.

Vuto ndi lakuti izi zimachitika mwakachetechete. Munthu samva kuwawa, amalima ndi kuyenda bwinobwino. Pamene miyendo ndi nkhope ziyamba kutupa, mkodzo n'kumachita thovu kwambiri, kawirikawiri impso zimakhala zitawonongeka kale. Zikalephereratu, munthu amafunika makina osefa magazi, omwe m'zipatala za boma amapezeka ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Taganizani za ulendo wochoka kuno ku Kasina kangapo sabata iliyonse, moyo wonse.

Amayeza bwanji?

Mumapereka mkodzo pang'ono m'kabotolo koyera, ndipo wabwino kwambiri ndi woyamba wam'mawa. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kakapepala komwe amaviika mumkodzo n'kusintha mtundu. N'kachangu, koma kamaona puloteni ikachuluka kale. Yachiwiri ndi ya ku labotale, yotchedwa ACR, yomwe imapeza albumin ikadali yochepa. Zotsatira zikakhala pansi pa 30 mg/g, zili bwino. Kuyambira 30 mpaka 300 ndi chenjezo loyamba. Kupitirira 300 ndiye kuti impso zavulala kwambiri.

Kuyeza kamodzi sikokwanira. Achipatala amabwereza m'miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, ndipo amatsimikiza pokhapokha maulendo awiri mwa atatu akaonetsa vuto. Auzeni ngati mwatentha thupi, ngati muli kumwezi, ngati mukumva kuwawa pokodza, kapena ngati dzulo lake munagwira ntchito yolemetsa kwambiri, chifukwa zonsezi zimasokoneza zotsatira. Likodzo nalonso limatero, choncho amene amasamba kunyanja kapena m'madambo anene.

Ndani ayezetse, ndipo liti?

Amene shuga anawapeza atakula ayezetse nthawi yomweyo, kenako kamodzi chaka chilichonse, chifukwa matendawa amakhala atabisala zaka zambiri asanadziwike. Amene anayamba shuga wofuna jakisoni wa insulin ali ana ayambe patatha zaka zisanu. Pemphaninso kuti akuyezeni creatinine m'magazi, yomwe imasonyeza mphamvu ya impso.

Akapeza vuto

Musataye mtima, chifukwa likadziwika msanga likhoza kuchedwetsedwa. Pali mankhwala a BP, monga enalapril, amene amatetezanso impso, koma amayi oyembekezera sayenera kumwa. Tsatirani mankhwala a shuga osadumphitsa, chepetsani mchere m'ndiwo, ndipo siyani fodya. Pewani kugula ibuprofen kapena diclofenac pagolosale n'kumamwa mwachisawawa, komanso mankhwala azitsamba osadziwika mlingo wake, popeza amalemetsa impso zofooka.

Chochita sabata ino

Tsegulani buku lanu lachipatala, kapena la agogo ndi makolo anu, muone ngati munalembedwa za mkodzo m'miyezi 12 yapitayi. Ngati mulibe, funsani pa chipatala chathu cha Kasina kapena pa chipatala chachikulu cha Dedza kuti, "Kodi impso zanga zili bwanji?" Ngati njira ya ACR palibe, kakapepala kaja nakonso n'kothandiza, ndipo funsani komwe mungakayezetse mokwanira. Amene muli ndi mphamvu, perekezani okalamba a m'mphakati mwanu pa tsiku lawo la sikelo ya shuga.