Kuzindikira Bakha Wobadwa ku Mitundu Iwiri

Tikamayang'ana abakha padziwe kapena m'khola, tisamangowawerenga. Tiyenera kudziwanso mtundu wake, pakuti si bakha aliyense amene angatipatse ana.

Abakha oweta ali m'magulu awiri. Loyamba ndi la Muscovy, wofala m'midzi yathu. Nkhope yake ili ndi khungu lofiira la njerewere, salira mokweza, ndipo mazira ake amaswa pa masiku 35. Lachiwiri ndi la Pekin ndi Khaki Campbell, amene anachokera kwa bakha wakuthengo wotchedwa mallard. Waukazi amalira mokweza, wamphongo ali ndi nthenga yopindika pamchira, ndipo mazira amaswa pa masiku 28.

Magulu awiriwa akakwerana, mazira amaswa pa masiku pafupifupi 32. Mwana wotere timamudziwa motere: thupi n'lalitali ngati la Muscovy, koma nkhope ili ndi nthenga, ndipo khungu lofiira limaoneka pang'ono chabe patsinde pa mlomo. Chizindikiro chimodzi sichikwanira. Tione nkhope, mchira ndi kulira, ndiponso tifunse za makolo ake tisanagule.

Bakha ameneyu ali ngati nyulu, mwana wa bulu ndi kavalo: sabereka. Waukazi ngakhale ataikira, mazira ake saswa. Mlimi amene amusunga kuti achulukitse ziweto amataya gaga ndi miyezi yambiri pachabe.

Komabe amakula msanga ndipo nyama yake ndi yabwino. Choncho timunenepetse kuti tidye kapena tigulitse. Abakha a mbewu tiziwasunga mtundu uliwonse m'khola lake.