Musanavomere, funsani kuti wadziwa bwanji

Ana anga a kuno ku Mwanza, msewu wa ku Thambani mumaudziwa, koma ambiri a inu munabadwa nkhani yake itazizira kale. Mu Meyi 1983 boma linalengeza kuti nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa, a David Chiwanga, afa pa ngozi ya galimoto kumeneko. Wailesi m'dziko muno inali imodzi yokha, ya MBC, ndipo inabwereza zomwezo. Ena anangoti chete chifukwa cha mantha, ndipo sindingawadzudzule, pakuti masiku amenewo pakamwa pankaphetsa. Koma analiponso ambiri amene anakhulupirira ndi mtima wonse, pa chifukwa chimodzi chokha: wanena ndi wamkulu.

Chikhalirecho mafunso ake sanali ovuta. Kodi mabala a anthuwo ndi a ngozi? Anawaona komaliza ndani, ali m'manja mwa yani? Nanga ngati ndi ngozi wamba, abale akuletsedweranji kuona nkhope za malemuwo? Mu 1994 Pulezidenti Bakili Muluzi anakhazikitsa bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Mtegha, ndipo linapeza kuti anayiwo anachita kuphedwa ndi apolisi, kenako n'kuikidwa m'galimoto kuti zioneke ngati ngozi. Zaka 11 zathunthu, choona chili chokwiriridwa. Udindo wa munthu, mpando wake, ngakhale imvi zake, zimatiuza kuti timupatse ulemu, koma sizitiuza kuti zimene wanenazo n'zoona. Ulemu perekani, umboni funsani ndithu.

Pa nkhani yomweyi pali msampha wina. Mu Disembala 1995 khoti linamasula Dr Kamuzu Banda ndi a John Tembo pa mlandu wokonza chiwembu chopha anayiwo. Mudzamva wina akuti, “Poti khoti linawamasula, ndiye kuti inali ngozi basi.” Ayi. Khoti linati umboni wakuti iwowo ndiwo anakonza chiwembucho sunakwane. Silinati anthu aja sanaphedwe. Funso lakuti “anaphedwa kodi?” ndi lina, lakuti “analamula ndani?” ndi linanso, ndipo wowasakaniza, kaya mwadala kaya mosadziwa, akukusocheretsani.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti kulakwitsa kuganiza kumapha ngakhale popanda mfuti ya boma. Ku Neno, komwe mpaka 2003 tinali boma limodzi, mu Januwale 2016 mphezi inapha mtsikana m'dera la Mfumu Dambe, ndipo khamu la anthu linapha okalamba anayi powanamizira kuti ndiwo anaituma. Januwale ndi pakati pa dzinja. Mphezi imagwa chaka ndi chaka, imang'amba mitengo, imapha ng'ombe kudambo, ndipo palibe amene amasaka mfiti ya mtengo. Koma ikagwera munthu, chisoni chimafuna woti chimuloze chala, ndipo chala chimapita kwa wofooka. Taonani mmene mlandu wotere umayendera. Gogo akakana, akuti mfiti sivomera. Akalira, akuti wagwidwa. Akangoti duu, akuti manyazi amugwira. Mlandu umene yankho lililonse limautsimikiza si mlandu ayi, chigamulo chinaperekedwa kale. Wonenezayo ndiye abweretse umboni, osati gogoyo atsimikize kuti si mfiti. Musaiwalenso kuti lamulo la 1911, lomwe likugwirabe ntchito, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Ndipo kuchuluka kwa okuwa sikuwonjezera kanthu: anthu 100 obwereza zimene anamva kwa munthu mmodzi, mboni yake ikadali imodzi yomweyo.

Za ku Joni ndinenako pang'ono, poti mabasi ake mumawaona akudutsa pachipata kulowera ku Zobue. Mumaona amene abwera ndi galimoto n'kukhoma malata kwawo, n'kumati aliyense wopita amalemera. Mukuwerenga okhawo amene akuoneka. Amene zinawakanika sayimika galimoto pamsika kuti muwaone. Ena amafika usiku ndi kachikwama kamodzi, ena ali chikhalire komweko chifukwa cha manyazi. Sindikuti musapite. Koma musanagulitse munda wa manachesi kuti mupeze ya basi, kapezeni wina amene anasungidwako ku Lindela, kosungira alendo oti abwezedwe kwawo, n'kubwezedwa, mukhale naye pansi, akuuzeni kuti ananyamuka angati, ndipo aliyense wa iwo ali kuti lero.