Kulira kwa Udzudzu m'Wailesi ya Galimoto

Injini ya galimoto ikakhala cete, wailesi imveka bwino. Koma injini ikangolira, m'masipika mumveka kulira kwina koonda, konga kwa udzudzu wa pakhutu usiku. Woyendetsa akaponda moto kulirako kukwera, akacotsa phazi kutsika. Ambiri ataya ndalama pogula wailesi yatsopano ndi masipika atsopano, koma udzudzu sunacoke. Ndipo pamene galimotoyo iri ya mpingo, yonyamula zokuzira mau kunka nazo kumidzi, ndalama zotayikazo ndizo zopereka za anthu osauka. Cifukwa cace nkoyenera kudziwa gwero la bvutoli, pakuti kawiri kawiri wailesi iribe mlandu; colakwa ciri pa njira imene magetsi abwerera nayo ku batire.

I. Kumene kulirako kucokera

Batire la galimoto ndi la mavoti 12, ndipo cimene cilibwezera mphamvu paulendo ndico alternator, makina ozunguzidwa ndi lamba wa injini. Magalimoto akale anali ndi dainamo. Kampani ya Chrysler ya ku America inaika alternator pa galimoto yace yochedwa Valiant m'caka ca 1960, ndipo makampani ena anatsata pambuyo pace. Alternator ipanga magetsi onka uku ndi uku monga mafunde a panyanja, koma batire ndi wailesi zifuna magetsi oyenda mbali imodzi yokha. Tsono m'kati mwace muli tizitseko tosacepera 6, tochedwa diode, timene tilola magetsi kupita koma osabwerera. Tingakhale tigwire nchito bwino, patsalabe timafunde tating'ono pamwamba pa magetsiwo. Injini ikathamanga timafundeto tidza motsatana msanga, ndipo tikalowa m'njira ya mau, khutu litimva monga kulira kokwera. Kulira kumeneku kusiyana ndi phokoso la mapulagi a injini ya petulo, limene limveka ngati kuthetheka kwa nkhuni pamoto.

II. Njira yobwerera

Magetsi sayenda popanda njira yobwerera kumene acokera. Opanga magalimoto, pofuna kucepetsa mawaya, alumikiza mutu wa negativi wa batire ku citsulo ca thupi la galimoto, kotero kuti thupi lonse lisanduka waya mmodzi wamkuru. Cilumikizo cimeneci amisiri acicha earth. Nyali, hutala, zopukutira galasi ndi wailesi, zonse zibwezera magetsi ao m'citsulo comweco.

Tsono wailesi ikhala kutsogolo, niigwira earth pomwepo. Amplifier, imene ikuza mau, ikhala kumbuyo kapena pansi pa mpando, niigwira earth pamalo pena. Pamodzi pa malo awiriwa pakakhala penti, dzimbiri, kapena kumasuka kwa bauti, magetsi afuna njira ina, monga madzi a mvula akapeza ngalande yotsekeka alowa m'nyumba. Njira imene aipeza ndiyo waya woonda wotenga mau kucokera ku wailesi kunka ku amplifier. Ndipo amplifier sidziwa kusiyanitsa nyimbo ndi timafunde ta alternator. Ikuza zonse pamodzi.

M'Zambia bvutoli licuruka pa zifukwa ziwiri. Magalimoto ambiri ogwirapo kale nchito acokera ku Japan, ndipo mawailesi ao ambiri agwira FM kuyambira 76 kufikira 90 MHz, pamene nyumba zoulutsira mau za m'dziko muno ziri pakati pa 87.5 ndi 108. Kotero eni ace asintha wailesi, ndipo posinthapo waya wakuda wa earth angomangidwa mofulumira pa kacitsulo kali konse. Cifukwa caciwiri ndico misewu yamabampu imene imasula mabauti, ndi cinyezi ca dzinja cimene cibala dzimbiri.

III. Kafunidwe ka colakwa

Akale anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Mwini galimoto ayese cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, kuti adziwe cimene cathandiza. Pomanga kapena pomasula mawaya a mphamvu, ayambe wazima injini ndi kucotsa mutu wa negativi. Koma asacotse konse batire injini iri kuyenda, monga acita ena poyesa alternator, pakuti magetsi alumpha modzidzimutsa, ndipo akhoza kutentha diode ndi kompyuta ya galimoto.

1. Ayambe ndi kumvetsera. Kulira kukamveka pa wailesi pokha, osamveka poimba nyimbo za pa USB, ayang'ane pamene tsinde la eriyo ligunda citsulo. Kukakhala cimodzimodzi angakhale atsitse mau kotheratu, ndiye kuti kulowera pa mawaya a mau kapena m'amplifier momwemo.

2. Atsuke mitu ya batire ngati pali ufa woyera kapena wobiriwira, naone waya wamkuru wolumikiza injini ndi thupi la galimoto, ngati sanayambe kuduka kapena kumasuka.

3. Aone earth ya amplifier. Waya wace akhale wonenepa mofanana ndi waya wobweretsa mphamvu, ndi wosapitirira masentimita 45. Apale penti ndi sandipepa kufikira citsulo cing'anime, amange bauti kolimba, napake girisi pamwamba poletsa dzimbiri.

4. Kulira kukatsalabe, azule mawaya a mau pa amplifier, nalize injini. Kukaleka, ndiye kuti kudzera kutsogolo. Pamenepo abwereke waya wina wa mau, namuyale pamwamba pa mipando. Ngati tsopano kuli zii, waya wakale anaonongeka kapena anagonetsedwa pamodzi ndi waya wa mphamvu. Awalekanitse, wina kudzanja lamanja la galimoto, wina kulamanzere. Ngati kulira sikunaleke, aipatse wailesi earth yace yabwino pa citsulo copalidwa.

5. Abweze pang'ono kacitsulo kokuzira mphamvu pa amplifier, kolembedwa gain, pakuti kakatsegulidwa kopambana kakuza ndi phokoso lomwe.

6. Ayese ndi mita pa mitu ya batire. Batire lodzala lionetsa mavoti 12.6 injini itazima, ndi pafupifupi 14 injini iri kuyenda. Akatembenuzira mita ku AC, naona kuti yapitirira theka la voti, diode ina yafa, ndipo alternator iyenera kunka kwa mmisiri.

M'masitolo muli tisefa toika pa mawaya a mau, timene ticepetsadi kulirako. Koma tikhale totsiriza, pakuti tibisa bvuto osalicotsa, ndipo tina tiondetsa mau a ng'oma. Cilumikizo coipa cikasiyidwa citentha, cifukwa magetsi ambiri adzipanikiza pamalo popapatiza. Ndiponso waya wa mphamvu akhale ndi fyuzi pafupi ndi batire, kuti akanyuka nagunda citsulo, ipse fyuzi, isapse galimoto.

IV. Phunziro kwa Akristu

Kulira kwa m'sipika si mdani, koma mboni yonena kuti pamalo pena posaoneka zinthu zalekana. M'buku la Macitidwe 6:1-7 muli mbiri ya kung'ung'udza kumene kunabuka mu mpingo wa ku Yerusalemu, popeza amasiye a Ayuda olankhula Cigriki anali kuiwalika pogawa cakudya. Atumwi sanatontholetse odandaulawo, kapena kukweza mau a ulaliki kuti madandaulo asamveke. Anafuna gwero lace, napeza kuti nchito yogawa inalibe oisunga. Ndipo mpingo unasankha amuna 7, mwa iwo Stefano ndi Filipo. Atakonza pamenepo, ophunzira anacurukadi.

Momwemonso akuru a mpingo ndi eni mabanja, pakumva kung'ung'udza, asafulumire kuika sefa. Ayambe afunsa kuti, kodi ndani waiwalika, ndipo ndi pati pamene dzimbiri lalowa pakati pa abale? Kupala dzimbiri ndi nchito yogwada pansi, yosaoneka ndi anthu, koma ndiyo icititsa kuti mau amveke oyera.

Mafunso

1. Cifukwa ninji kulira kwa alternator kukwera pamodzi ndi liwiro la injini?
2. Earth yabwino izindikirika ndi zinthu ziti?
3. Atumwi anacita ciani pakumva madandaulo a amasiye?