Kodi Nyenyezi Ingaikidwe pa Sikelo?

PAMENE magetsi azima usiku wa mu January ku Mabvuku, Mbare, kapena Highfield, midzi yothinana ya mu Harare mmene muli mabanja ambiri ochokera ku Malaŵi, nyenyezi zitatu zondondozana zimaoneka bwino kumwamba. Akale ankazitcha Akamwiniatsatana. Imene imayamba kutuluka kum'maŵa ndiyo Mintaka. M'maso imaoneka ngati imodzi, komabe ili gulu la nyenyezi zingapo, ndipo ziŵiri za izo zimazungulirana pamasiku 5.7 alionse.

2 Njira ya nyenyezi ziŵirizo inapenyana ndi dziko lapansi mwakuti paulendo uliwonse ina imadutsa kutsogolo kwa inzake, monga momwe mwezi umaphimbira dzuŵa pa kadamsana. Pamenepo kuŵala kwa Mintaka kumachepa pang'ono. Kodi nchifukwa ninji openda zakuthambo amayang'anira zimenezi mosamalitsa?

Kupima Chosafikirika

3 Nyenyezi yokhala payokha njovuta kuidziŵa kulemera kwake, pakuti palibe chinthu chooneka chimene ikukoka. Koma ziŵiri zophimbana zimadziulula zokha. Kutalika kwa nthaŵi ya kuphimbako kumasonyeza ukulu wa iliyonse. Ndiponso, kuŵala kwa nyenyezi imene ikubwera chakuno kumasinthira kobiriŵira, pamene kwa imene ikupita kutali kumasinthira kofiira, ndipo kusinthako kumasonyeza liŵiro lake. Atadziŵa liŵiro ndi nthaŵi ya ulendo umodzi, asayansi amaŵerengera kulemera kwake mwa lamulo la mphamvu yokoka. Mwanjira imeneyi kwapezeka kuti yaikulu ya ziŵirizo imalemera kuŵirikiza dzuŵa pafupifupi nthaŵi 20, ndipo inzakeyo nthaŵi 8.

4 Ntchito yotero imafuna khama. Kuyambira m'ma 1890, Alexander Roberts, mphunzitsi wa pa Lovedale ku South Africa, anatha zaka zambiri akumalemba kusintha kwa kuŵala kwa nyenyezi zakummwera. Pakati pa zimene anapenda panali V Puppis, nyenyezi ziŵiri zazikulu zoyandikana kwambiri zimene zimazungulirana pamaola pafupifupi 35 okha, ndipo zimaoneka ku Harare popanda makina.

Kulemera Kumalamula Moyo Wake

5 Kodi kulemerako nkofunika motani? Eya, nyenyezi yolemera kwambiri imatentha kwambiri nimaliza msanga nkhuni zake. Dzuŵa lingaŵale kwa zaka pafupifupi mamiliyoni 10,000, koma nyenyezi yolilemera kuŵirikiza nthaŵi 20 imatha m'zaka pafupifupi mamiliyoni 10 okha. Pomalizira pake imaphulika ndi kumwaza okosijeni amene anapangika m'kati mwake. Chotero, okosijeni amene anthu amapuma ngwochokera kwakukulukulu ku nyenyezi zazikulu zimene zinaphulika kalekale dzuŵa lisanakhaleko.

1, 2. Kodi kuŵala kwa Mintaka kumachepa chifukwa ninji?
3. Kodi kulemera kwa nyenyezi zophimbana kumadziŵika motani?
4. Kodi Alexander Roberts anachita ntchito yotani?
5. (a) Kodi kulemera kumayambukira motani moyo wa nyenyezi? (b) Kodi zimenezi zikukhudza motani anthu?